Kapaipi ka pa Mlatho wa ku Dambe

Rodrick ananyamuka ku Dambe usiku utakhwima, mkazi wake Imelda akubuula kumbuyo kwa pikapu, apongozi atamugwirizitsa mutu. Matenda a uchembere anali atayamba, ndipo chipatala chinali kutali, ku boma.

Vuto la galimotoyo Rodrick ankalidziwa. Masana ake anali atasintha gasiketi ya manifodi, pamene mpweya umalowera mu injini. Chisinthireni, akangosiya kuponda moto, injini inkanjenjemera n'kuzima. Pokhala makaniko wodzithemba, Rodrick anangoti aziona mawa, ndipo tsopano ankadziimba mlandu.

Pa mlatho wamatabwa, pafupi ndi manda, anachepetsa liwiro. Injini inatsokomola... n'kuzima. Analiza. Inazimanso.

Anatsegula boneti. Anaunika ndi foni. Mabawuti onse anali omanga. Imelda anakuwa.

"Ikuba mpweya."

Rodrick anadzidzimuka! Pambali pake panaima bambo wovala ovololo. Sanamumve akubwera. Bamboyo sankaphethira...

"Gasiketi ilibe mlandu, achimwene. Kapaipi kakumbuyoko simunabwezere. Pisani dzanja."

Anapisa. Kuseri kwa manifodi, kapaipi kanali lende! Akukalowetsa, zala za mlendoyo zinakhudza zake... zozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Ine ndinakapeza mochedwa. Thamangani."

Injini inalira bwinobwino, osadodoma. Atasuzumira kuti athokoze, pamlathopo panalibe munthu.

Mwana anabadwa kusanache, wamkazi. Anamwino anati akanachedwa pang'ono akanataya onse awiri. Rodrick anakhala pansi pafupi ndi geti la chipatala, misozi ili chuchuchu, n'kufotokozera mlonda wachikulire zonse, mpaka mawu otsiriza a mlendo uja.

Mlondayo anavula chipewa.

"Ameneyo ndi Enoki, mwana wanga. Anali makaniko ngati inu nomwe. Lole yake inazima pa mlatho womwewo atanyamula mkazi wake, nayenso ali woyembekezera. Anakhala usiku wonse akumasula ndi kumanganso gasiketi. Atafika kuno m'mawa, geti ndinatsegula ndine, koma mayiyo anali atatisiya kale. Enoki sanathe chaka. Tinamuika m'manda omwewo, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo."