Nyali ya Pampando Wopanda Munthu

Anayamba kuziona ndi mayi wa nyumba yoyandikana ndi ya aphunzitsi, uja maso ake sadutsidwa ndi kanthu. Patatha miyezi itatu chimwalirireni aphunzitsi opuma ntchito aja, nyali ya pambali pa mpando wawo inayambanso kuyaka kukangoda, monga inkachitira iwo akakhala pansi kuti awerenge nyuzipepala. Pampandopo panalibe munthu. Mkazi wawo wamasiye ankakhala pampando wina, n'kumalankhula chapansipansi atayang'ana kuwalako. Nkhaniyi inafika kugolosale itanenepa kale. Ena ankati mpandowo umalira ngati wakhalidwa, ena ankati usiku kumamveka kutsokomola.

Mwana wawo wamkulu sankaopa mizimu, ankaopa za mutu wa mayi ake. Anaimbira foni mlongo wake, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Mzime, n'kumuuza kuti Loweruka abwera ndi galimoto kudzawatenga amayi ndipo nyumba aitseka, chifukwa munthu wocheza ndi mpando sangakhale yekha. Mzime ankadziwa kuti amayi akachoka m'nyumba imeneyo sakhalitsa. Ankadziwanso kuti nyaliyo ndi ntchito ya manja ake. Iye ankalemba mapulogalamu oyendetsa zipangizo za m'nyumba, ndipo zaka ziwiri m'mbuyomo, maso a bambo ake atayamba kuchita chidima, anaika kachipangizo komva kulemera kwa munthu pansi pa khushoni. Malamulo ake anali awiri osavuta: kukada, ngati pampando pali munthu, nyali iyake, ngati palibe, izime. Anapempha achimwene akewo kuti amupatse masiku atatu.

Madzulo oyamba anaima pakhomo la kukhitchini n'kumadikira. Mdima unalowa mosafulumira, unayambira kuseri kwa kabati ya mabuku, unakwera makatani, mpaka nkhope za pazithunzi za pakhoma zinazimirira. Firiji inkang'ung'udza yokha. Kenako kunamveka kuti tcha, ndipo nyali inawala pakhushoni lomwe linali likadali lopondereka mmene bambo ake analisiyira.

"Mwaswera bwanji, abambo?" ananong'ona amayi, osadzidzimuka ngakhale pang'ono.

Mzime ankakonda kuseka anzake okhulupirira za mizukwa. Koma tsiku limenelo anagona getsi la kuchipinda lili chiyakire.

Madzulo achiwiri anatulutsa foni n'kuizimitsa nyaliyo kudzera pafonipo. Pabalaza panada bii, moti ankangomva kupuma kwa amayi ndi kugunda kwa wotchi. Patangotha mphindi imodzi, tcha, inayakanso. Anaizimitsa kachiwiri, koma inabweranso ngati munthu amene wakana kuthamangitsidwa pakhomo pake. Amayi anamuuza mofatsa kuti asiye kuwavutitsa bambo ake. Mawu amenewo anamupweteka kuposa mantha, chifukwa anayamba kuganiza kuti mwina achimwene akunena zoona.

Lachisanu masana anatsegula laputopu n'kuyamba kuwerenga pulogalamu ija mzere ndi mzere. Anapeza kuti malamulo sanali awiri, anali atatu. Lamulo lachitatulo anali ataliiwaliratu: ngati kachipangizo sikakuyankha, yatsa. Pamwamba pake anali atadzilembera kachikumbutso kakuti, atero ndi bambo. Apo m'pamene anakumbukira. Tsiku loika kachipangizoko anawafunsa kuti pulogalamu izitani batire likatha, poti siingadziwe ngati pampando pali munthu. Bambo anaseka n'kunena kuti kuli bwino kuunikira mpando wopanda munthu kusiyana n'kusiya nkhalamba ikupapasa mumdima.

Mtima wake unakhala pansi. Ndiye kuti batire langotha basi. Anagwada, ananyamula khushoni, anamasula kachivundikiro. Koma m'katimo munalibe batire lakutha. Munalibe batire n'komwe, ndipo tisikuluu tinali titabwezeredwa bwinobwino, kungoti tinali tokandika.

Atatembenuka anapeza amayi ataima kumbuyo kwake, akutsegula kachitini kawo kosungira mabatani. Pakati pa mabataniwo panali kabatire kozungulira, konyezimira.

"Munachotsa ndinu, amayi?"

"Ndi nsonga ya mpeni. Tsiku lija unkayesa kuti ndikungobweretsa tiyi? Ndinamva zonse zimene munkakambirana."

Amayi anafotokoza kuti kwa miyezi itatu ngodya ija inkakhala yakuda madzulo alionse, ndipo mdima umenewo unkawawawa kuposa tsiku la maliro. Kuyatsa ndi dzanja lawo sanafune, chifukwa nyali yoyatsa wekha umadziwa kuti wayatsa ndiwe. Zoti amuna awo anamwalira ankazidziwa bwino, poti anawatseka maso ndi iwo omwe.

Mzime anaseka misozi ikutsika. Nthawi yomweyo anaimbira achimwene ake n'kuwauza kuti galimoto ija isabwere, chifukwa munthu amene wakumbukira lamulo lomwe wolemba wake analiiwala, mutu wake uli bwinobwino kuposa wa ana ake. Achimwenewo anangoti Loweruka abwerabe, koma kudzacheza.

Kunja kunali kutayamba kuda. Mzime anatola kabatire kaja n'kuwafunsa amayi ngati akabwezere.

"Usabwezere," anatero amayi, akutseka kachitini kawo. "Unalemba wekha kuti ngati sukudziwa kuti alipo kapena palibe, uyatse. Ine sindikudziwa, mwana wanga."

Mzime anabwezera khushoni pamalo pake n'kukhala pansi, atatsamira miyendo ya amayi ake. Anadikira limodzi mdima ukukwera makatani. Nyali itayaka, onse awiri anayang'ana kumpando kuja, ndipo amene anayamba kupereka moni anali Mzime.