Namafunso ndi Ulusi Wabuluu

"Amayi, kodi buluu amathawira kuti dzuwa likalowa?"

Anafunsa ndi Namafunso. Dzinali anamupatsa chifukwa chokonda kufunsa.

Amayi ake ndi osoka zovala. Madzulo amenewo ankasoka diresi labuluu la aneba. Aneba ankafuna kulivala Lolemba, poyamba ntchito.

Koma babu la m'nyumba linali lakale. Linkawala mofooka, mwachikasu. Ulusi wabuluu unkaoneka wakuda. Ulusi wakuda unkaoneka wakudanso.

M'mawa Amayi anayang'ana diresi lija. Anagwira pakamwa. Anali atasokera ulusi wakuda.

"Ndimasula ponsepa," anatero Amayi. "Masana okha sindingamalize."

"Tiyeni tikagule babu lina," anatero Namafunso.

Amayi anatenga babu lakale. Namafunso anatenga ulusi wabuluu ndi wakuda.

Kusitolo kunali mababu ambiri. Aakulu, aang'ono, ozungulira, aatali. Namafunso anangoti kukamwa yasa.

"Awa ndi a LED," anatero ogulitsa. "Sadya magetsi ambiri. Ndione lakalelo."

Anayang'ana kumunsi kwake. Kunali timapini tiwiri. Anasankha mababu awiri atimapini.

Pakona panali kamdima. Ogulitsa anayatsa babu loyamba. Linawala mwachikasu, ngati dzuwa lamadzulo.

"Ili ndi labwino kuchipinda chogona," anatero.

Namafunso anakweza ulusi. Anayang'ana. Anayang'ananso. Anapukusa mutu.

Ogulitsa anayatsa lachiwiri. Linawala mbee, ngati masana.

Namafunso anakweza ulusi. Wakuda unali wakuda. Wabuluu unali wabuluu!

"Amayi," ananong'ona, "buluu sanathawe. Analipo nthawi yonseyi."

Anayandikitsa kachala kake kubabulo pang'onopang'ono.

"Silikuwotcha. Nanga moto wake uli kuti?"

Ogulitsa anaseka. "Mayi, mwanayu mumamuyankha nokha?"

"Timasinthana ndi bambo ake," anatero Amayi.

Madzulo Amayi anayatsa babu latsopano. Chipinda chonse chinayera. Namafunso anaona singano pansi. Anaonanso batani lomwe linasowa kalekale.

Makina osokera analira. Analira, analira. Diresi linatha.

Aneba anabwera kudzaliyesa. Anazungulira. Linawakhala bwino. Kenako anayang'ana kudenga.

"Kuno dzuwa sililowa?"

"Wasankha babuli ndi mwanayu," anatero Amayi.

Aneba anawerama. "Kwanga ndimavala sokosi zosiyana, mwanawe. Udzandiperekeza kusitolo?"

"Ndidzakuperekezani Loweruka," anatero Namafunso. "Koma mudzatenge babu lakale. Ndi sokosi zomwe."

"Ndidzatenga zonse," anatero aneba.

Anagwirana chanza.