Chikole Chobiriwira

Minibasi yopita ku Ntchisi inali itaima pa siteji ya Mponela kuyambira m'mawa ikudikira kudzaza, ndipo Rakele anali atatsika kale katatu kukawongola miyendo. Akanakhala bwanji phee? M'chiuno anali atamanga mpango wokhala ndi K400,000 ya soya amene analima yekha kwawo ku Msakambewa. Ndalamazo zinali zokagulira makina osokera kwa munthu wina wa ku Ntchisi. Mnzake Asiyatu, amene ankayendetsa golosale ya bambo ake pa Boma ku Ntchisiko, anali atamusungira malo pakhonde oti azidzasokerapo.

"Achemwali, mukatsikanso kachinayi kondakitala akulipiritsani kawiri."

Rakele anacheuka. Anali mnyamata wa shati yoyera, chikwama chachikopa m'manja, nsapato zili waliwali. Nsapato zopanda fumbi pa Mponela mwezi wa Juni! Kodi ameneyu ankayenda m'mwamba?

"Ndine Dave," anatero akumusunthira. "Khalani cha kuwindo kuno. Munthu wokongola chonchi asapanikizidwe ndi matumba a anthu."

"Mumawauza onse choncho?"

"Onse ati? Lero ndi tsiku loyamba kuona njiwa itakwera minibasi."

Rakele anaseka asakufuna. Pamene galimoto inkakwera zitunda za ku Ntchisi n'kuti atamuuza kale za soya, za makina, ngakhalenso za mayi ake amasiye. Pakamwa pa mtsikana wosangalala sipakhala chitseko.

Tsoka sasimba. Mwini makina uja anamupeza atapita kumaliro ku Kasungu, ndipo Rakele anabwerera kwawo ndalama zili m'chiuno, nambala ya Dave ili m'foni.

Asanavule n'komwe nsapato, foni inalira.

"Njiwa yanga ya ku Msakambewa, wafika bwino? Mtima wanga watsala pampando uja."

M'mawa mwake unabweranso wina: "Ndadzuka ndi dzina lako pakamwa. Wandidyetsa chiyani iwe?"

Rakele ankawerenga uthenga uliwonse kasanu. Akamapita kumjigo, foni m'manja. Akamasenda mbatata, foni pamwendo. Ikakhala chete ola limodzi ankaizimitsa n'kuiyatsanso, poganiza kuti mwina netiweki yathawa.

Patatha sabata anakumana pa Madisi. Dave anamugulira tchipisi ndi chakumwa chozizira, kenako anatsegula chikwama chija. Munali timabokosi tobiriwira: tiyi wochepetsa mimba, sopo, mafuta odzola.

"Kampani yathu ndi Tsinde Lagolide," anatero. "Tamvera, wapamtima. Ukalembetsa ndi K150,000 umalandira katundu woyambira, ndipo umakhala nthambi yanga. Iwenso umapeza anthu asanu, iwo amakhala nthambi zako. Akagula katundu, iwe umadyapo. Anthu awo akagula, umadyaponso. Ndalama zimakupeza uli mtulo!"

"Nanga makina anga?"

"Makina? Ukufuna msana ukupindike uli mtsikana chifukwa chosoka zigamba? Pakutha pa miyezi itatu udzagula makina atatu, n'kulemba ena ntchito." Anamuonetsa chithunzi m'foni, iye atatsamira galimoto yofiira. "Ndangotsala pang'ono kufika pa udindo wa Golide. Ndikangofika, ndikutumiza amalume kwanu. Ndikulumbira, Rakele, chaka chino sichitha usanakhale mkazi wanga."

Mkazi wanga! Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa. Anamasula mpango uja pomwepo.

Patapita masiku atatu Dave anafika pa njinga yamoto ya kabaza mpaka pamphambano ya ku Msakambewa. Anatsitsa katoni ya katundu. Kenako anatulutsa kaphukusi kena kokulunga m'pepala lonyezimira, n'kukapereka ndi manja awiri.

Chinali chitenje chobiriwira, cha masamba agolide m'mphepete.

"Ichi ndi chikole chako," anatero motsitsa mawu. "Ndazungulira Lilongwe yense kufuna chokuyenera. Ukachivala, aliyense adziwe kuti njiwa iyi ili ndi mwini."

Rakele analira ndi chimwemwe. Kwawo chikole si chinthu chosewera nacho. Mnyamata akapereka, ndiye kuti watsimikiza, ndipo mtsikana amakachionetsa kwa akuluakulu. Mayi ake atachiona analuluta mpaka anansi anatuluka m'nyumba. Tsiku lomwelo uthenga unapita kwa amalume ake kuti azikonzeka, kukubwera alendo.

Ndiye ntchito inayamba. Rakele anayenda khomo ndi khomo, katoni pamutu.

"Tiyi ameneyu ndi zingati, mwanawe?"

"K18,000, amayi. Amachepetsa mimba."

"Mimba yake iti? Kuno Febuluwale amatichepetsa mimba ulere!"

Anthu anaseka, iyenso anaseka nawo. Mwezi wonse anagulitsa sopo muwiri, winayo pangongole. Zopeza anthu asanu zinali zovuta kuposa pamenepo. Aliyense amene anamuuza za K150,000 ankangogwira pakamwa.

Mwezi ukutha foni inalira.

"Switi wanga, usaiwale kugula katundu wa K80,000 mwezi uno. Ukapanda kutero dzina lako ligona, mapointi athu apsa. Chitira tsogolo lathu."

Anagula. Mwezi wotsatira anagulanso. Makatoni anadzaza kunsi kwa bedi, ena pamwamba pa thumba la chimanga. Rakele anayamba kuonda osamwa n'komwe tiyi uja. Ankatuluka panja, kulowa, kutulukanso, osadziwa chimene akufuna. Akafunsa za amalume, yankho linali limodzi: "Pirira, njiwa yanga. Golide ali pafupi."

Mu Ogasiti anapita ku Ntchisi kuti akalembetse Asiyatu. Anamupeza akuyeza mchere.

"Wabwera ndi makina?" anafunsa Asiyatu.

"Ndabwera ndi zoposa makina."

Asiyatu anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anang'amba chikatoni cha sopo n'kutenga cholembera.

"Iwe upeze asanu. Asanuwo apeze asanuasanu, akhala 25. Kenako 125. Kenako 625." Ankalemba akutsika m'munsi. "Taona, pofika mzere wachisanu ndi chinayi mwatha Dowa yense ndi Ntchisi yemwe, ndi makanda omwe. Ndiye otsirizawo adzalembetsa ndani? Mbuzi?"

"Sukumvetsa iwe."

"Ndikumvetsa bwino. Ine ndimagula shuga n'kugulitsa kwa munthu wofuna shuga. Inu katundu wanu akugula ndani kupatula inu nomwe? Kasitomala wa kampaniyo ndiwe, Rakele. Tandiuza, walowetsa zingati, watulutsa zingati?"

Rakele anayang'ana kumbali.

"Ndi nsanje basi. Chifukwa iwe palibe wakupatsa chikole."

Mawuwo atangotuluka anafuna kuwameza. Asiyatu anangopinda chikatoni chija n'kumuikira m'chikwama.

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Malo pakhonde ndikusungira mpaka mwezi uno uthe. Ukatha, bambo apatsa wina."

Panjira anamuimbira Dave akulira.

"Anthu osauka m'maganizo amakokera anzawo pansi," anatero Dave. "Usamvere zimenezo, bebi. Gula komaliza, ndangotsala ndi mapointi ochepa. Loweruka kuli msonkhano waukulu pa Madisi, akandiveka Golide. Koma iwe usavutike kubwera, ndi kutali. Ndidzakuuza zonse."

Rakele anatumiza K80,000 yomaliza. M'mpango munatsala K10,000.

Koma Loweruka litafika, miyendo inakana kukhala. Mwamuna wake wam'tsogolo akulandira ulemu, iye n'kumasenda mbatata? Anasamba, anavala chikole chake, nakwera kabaza. Ankafuna kumudzidzimutsa.

Holo imene anabwereka inali itadzaza. Nyimbo zinkagunda, wina pa maikolofoni akukuwa, "Ndani akufuna kusiyana ndi umphawi?" Rakele analowa akumwetulira, kenako anaima chilili.

Chitenje chobiriwira. China uko. China kutsogolo. Azimayi, atsikana, ngakhale agogo ena, holo yonse masamba agolide okhaokha!

"Mwina chatchuka m'tauni," anadziuza yekha. Anakhala pafupi ndi mtsikana wina wamaso akuluakulu.

"Mwatchenatu," anatero Rakele. "Munagula kuti chitenjechi?"

"Enawa amapatsidwa ndi kampani, chimabwera m'katoni yoyambira," anayankha mtsikanayo monyada. "Koma changachi n'chosiyana. Ndi chikole. Bwenzi langa ndi amene akuvekedwa Golide lero. Sakudziwa kuti ndabwera. Ndine Lidia, wa ku Malomo."

Rakele anamva ngati wathiridwa madzi ozizira.

"Chimabwera m'katoni?"

"Eya, mtengo wake uli m'kati mwa K150,000 ija. Bwanji, mukudwala?"

Rakele anatsegula foni yake n'kumupatsa. Lidia anawerenga mauthengawo, kenako anatsegula yake. "Njiwa yanga ya ku Malomo, wafika bwino? Mtima wanga watsala pampando uja." Tsiku lina, dzina la mudzi lina, koma mawu onse omwewo. Munthuyo analibe n'komwe nthawi yopeka bodza latsopano!

Kutsogolo anaitana dzina la Dave. Anamuveka lamba wachikasu paphewa, namupatsa chipepala chachikulu chonga cheke. Anthu anaimirira akuwomba m'manja. Iye akukweza manja, maso ake anagwera pa atsikana awiri okhala limodzi, ndipo kumwetulira kunazima.

Mwambo utatha, Dave anawapeza kuseri kwa holo. Lidia anamuponyera chitenje kumaso n'kuthawa akulira. Rakele anatsala.

"Njiwa yanga, ndilole ndifotokoze..."

"Njiwa ziliko zingati?"

Dave anayang'ana pansi. "Zisanu. Golide amafuna nthambi zisanu zogula mwezi uliwonse. Amuna ankandikana, Rakele. Koma iwe ndiwe wosiyana, ndikulumbira!"

"Amayi anga analuluta, Dave! Amalume anagula mbuzi yodikira alendo! Unatsegula katoni yanga, n'kuchotsamo nsalu imene ndinagula ndi soya wanga, n'kundipatsa ndi manja awiri?"

Dave anayamba kukonzakonza lamba uja paphewa.

"Chabwino. Wafika pa Golide. Ndibwezere ndalama zanga."

Dave anaseka kuseka kopanda mphamvu, natembenuza chipepala chija. Panalembedwa K46,000.

"Ya mwezi wonse ndi imeneyi. Ineyo ndimagula katundu wa K120,000 kuti udindo usagwe. Kuchipinda kwanga makatoni afika kudenga. Ng'ombe ziwiri za bambo zinapita."

"Nanga galimoto yofiira?"

"Ndi ya abwana a ku Lilongwe. Tonse timajambulitsa pomwepo." Anamugwira dzanja. "Koma tamvera, pa udindo wa Dayamondi ndiye pali ndalama zenizeni. Ukangopirira miyezi itatu..."

Apa m'pamene mtima wa Rakele unasweka zenizeni. Ankayembekeza kupeza wakuba wolemera woti amutukwane. Anapeza munthu womira amene ankaponda pamitu ya anzake kuti apume, ndipo ankakhulupirirabe kuti kutsidya kuli pafupi. Anayang'ana nsapato zija. Zinali zong'ambika kunsi.

Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.

"Chitenje sindikubwezera," anatero. "Ndinagula ndekha."

Lolemba m'mawa anafika pagolosale ya Asiyatu maso atatupa. Anaima pakhomo ngati mlendo.

"Ndinakulakwira, mnzanga."

"Unandilakwiradi," anatero Asiyatu, akumukokera mpando. "Makina aja anagulidwa. Koma a Petulo, atelala a paseli apa, maso akuwavuta. Akuti angabwereketse awo pa K2,000 patsiku. Uli ndi nsalu yoyambira?"

Rakele anatsegula chikwama. Anayala chitenje chija patebulo, nachisalaza ndi manja. Anakumbukira pepala lonyezimira, manja awiri aja, ndi nthungululu za mayi ake. Misozi inagwera pa masamba agolide. Kenako anatenga sizasi.

Pofika masana panali timadiresi tiwiri ta ana titapachikidwa pakhonde. Mayi wina wochokera kuchipatala, mwana kumsana, anaima n'kugwira kamodzi.

"Kokongola! Zingati?"

"K4,500."

Mayiyo sananenerere. Rakele analandira ndalamazo n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Pa katundu yense wa Tsinde Lagolide, aka kanali koyamba kugulidwa ndi munthu wokafunadi.

Foni inanjenjemera patebulo.

"Njiwa yanga, ndikudziwa wakwiya. Koma mwezi ukutha mawa, dzina lako lisagone. Chitira tsogolo lathu."

"Ndani?" anafunsa Asiyatu.

Rakele anapukuta m'maso, natembenuza foniyo chafufumimba.

"Munthu wina wosochera," anatero, phazi likubwerera pa chopondera cha makina. "Akufuna njiwa. Tandipatsa ulusi wobiriwirawo."