Wakufa Akayamba Kukutchula

Ndikanamapo liwu limodzi, mphezi indilondole mpaka kubafa! Ine amene ndinapenta yunivesite yonse ija ndi bulashi imodzi, madenga omwe, ndinganamize anthu akuluakulu?

Zinayamba ndi magalasi. M'chipinda chopanda windo, mmene mphunzitsi wina wa fizikisi ankapindiramo kuwala, timagalasi tonse ta pathebulo tinayamba kupezeka titatembenuka, tikuyang'ana mpando wake. Chipindacho ndinachipenta ndine, chakuda bii, mdima woti ukayatsa machesi moto unkachita manyazi n'kuzima wokha. Kunja dzuwa lili paliwombo, mmenemo unali usiku.

Mphunzitsiyo tinkamutcha a Magalasi. Tsono anthu ophunzirawa ali ndi kayesedwe kawo. Safunsa kuti watulukira chiyani ayi. Amawerenga kuti anzako polemba za kafukufuku wawo akutchula kangati, ndiponso walemba limodzi ndi anthu angati. Ukatchulidwa kwambiri, upulofesa ndi wako. A Magalasi imvi zinali mbuu, koma owatchula akanakwana panjinga imodzi. Ana amene iwo anawaphunzitsa kugwira choko anali atawadutsa kalekale.

"Bambo a kunyumba," akazi awo ankatero, "galu wa aneba amatchulidwa kuposa inu."

Mnzawo yekhayo wa m'chipindamo, mkulu wa chifuwa chosatha amene tinkati a Khosokhoso, anali atamwalira. Ndiye a Magalasi anaganiza mochenjera. Anayamba kulemba mapepala m'dzina la malemuyo n'kumatumiza kumayiko akutali kumene uthenga wa maliro sunafike. Pepala lililonse linkatchula a Magalasi mpaka inki kutha. Ena ankaikapo mayina onse awiri, ati alemba limodzi. Nambala yawo pakompyuta inakwera ngati thovu la sopo.

Timagalasi tija titatembenuka, panabwera chifuwa. A Magalasi akangotseka chitseko, makina akulira ziii chapansipansi, kuseri kwa kabati kunkamveka kho, kho, kenaka phuma lalitali la munthu wofuna kulankhula. Akayatsa getsi, munalibe munthu. Osesa anayamba kunong'onezana kuti fungo la mankhwala opaka pachifuwa labwerera.

Tsiku lina kunafika mayi wamasiye, mkazi wa a Khosokhoso, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Alamu, ndamva kuti amuna anga akulembabe," anatero chapansipansi. "Ali moyo munawachotsa dzina pa ntchito imene anaitsokomolera zaka zonse zija. Lero mwawalemba ganyu kumanda?"

"Mlamu, izi n'za ophunzira, simungazimve."

"Chabwino. Koma poti mwawaphunzitsa kukutchulani, akakuitanani musavomere."

Mawa lake mawu anayambadi. Anali a manong'onong'o, okhakhala, ochokera pakati pa magalasi: dzina la a Magalasi, kenaka chaka. Dzina, chaka. Dzina, chaka, ndendende mmene amatchulirana m'mapepala mwawomo. Munthu wanzeru akanathawa osatseka n'chitseko chomwe. Koma awa anakhala mumdimamo tsiku ndi tsiku, mutu uli pambali, akumvetsera. Moyo wawo wonse palibe anali atawatchulapo motsatizana choncho.

Madzulo ena, mawa lake akuluakulu akukumana zoti apereke upulofesa, mawuwo anafika pakhutu penipeni, mpweya wake wozizira ngati wa m'filiji, n'kuitana mwaulemu. Mtima unawasungunuka.

"Ndine pano, achimwene."

Kunamveka kho, kho. Kenaka mawu aja:

"Zikomo. Dzina lanu ndalitenga."

Kutacha, wapampando wa msonkhano anaimirira kuti aitane a Magalasi. Anayasamula, m'malo mwa dzina munatuluka chifuwa. Anapatsira mnzake, nayenso kho, kho! Holo yonse inatsokomola mpaka penti yanga kusupuka pakhoma. Atayang'ana pakompyuta, paliponse pamene panali dzina la a Magalasi panali la malemu. Nambala yonse ija, yabodza ndi yoona yomwe, inali itapita kumanda. Akuluakuluwo anaomba m'manja, ati taonani munthu wolimbikira, n'kukhoma dzina la a Khosokhoso pachitseko cha chipinda chija.

A Magalasi alipobe. Amakhala pabenchi pafupi ndi chitsekocho, jekete lili lende, n'kumagwira mkono aliyense wodutsa. "Tanditchulani, mwanawe. Kamodzi kokha." Palibe amatha. Akazi awo enieni amangoti "inu."

Mwana wina wa mlongo wanga, wa masukulu, anandidula pakamwa tsiku lina. "Amalume, munthuyo anangogwidwa chinyengo, akuluakulu n'kumufufuta. Ngati n'zoona, dzina lake lenileni ndani?"

Zamkutu! Nanga ndakhala ndikunena chiyani nthawi yonseyi? Ine amene ndimakumbukira dzina la mzamba amene anandilandira pobadwa, ndingaiwale lawo popanda chifukwa? Lili pano palilime, limayamba ndi... kho! Tandipatsa madzi, iwe, usiye kufunsa zopusa.