Mayankho Okhaokha

M'nyumba ya bambo wosindikiza mapepala a mayeso munalibe chuma, koma munali mtendere ndi mbiri yabwino. Sukulu zinayi zinkawapatsa ntchito chifukwa sankaulula chinsinsi. Mwana wawo wamkazi, amene tonse tinkamutcha Changu poona liwiro la zala zake, ndiye ankalemba pa kompyuta.

Ntchitoyo inkayenda chonchi. Mafunso ndi mayankho ankakhala m'fayilo imodzi, ndipo yankho lililonse ankaliika chizindikiro. Mzere woyamba wa fayiloyo ndiwo unkalamula. Ukalembapo "ana", makina ankatulutsa mafunso n'kubisa mayankho. Ukalembapo "aphunzitsi", ankatulutsa zokhazo zoikidwa chizindikiro. Chikuto chokha ndicho sichinkasintha.

"Mwanawe, mzere umenewo ndiwo umatidyetsa," bambo ankatero. "Usanamate envelopu, tsegula pepala uwerenge ndi maso ako."

Kenako kunatulukira mnyamata wokonza mafoni, wa pakamwa pothira shuga.

"Ngati umandikondadi, sintha liwu limodzi lokha," anamunong'oneza. "Pepala limodzi basi, la mng'ono wanga. Liwu limodzi n'kuba ngati?"

Mayi anaona msanga. "Mnyamata uja sakuyang'ana iwe, akuyang'ana kompyutayo."

"Amayi, inutu mumakayikira aliyense," anayankha Changu akupaka milomo.

Pepala limodzi lija linabala ena. Lero la masamu, mawa la sayansi, ndipo mng'onoyo palibe anamuonapo. Mnyamata ankangogulitsa, Changu n'kumabwera kunyumba akununkha mowa, akuseka yekha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachisanu masana, bambo atapita kukagula inki, Changu analemba "aphunzitsi", natulutsa pepala, nalipereka pawindo.

"Fulumira, anzathu akudikira," anatero mnyamatayo.

Ntchito ya sukulu yaikulu inali isanathe. Changu anasindikiza mapepala mazana atatu mothamanga, anaona chikuto chili bwino, namata maenvelopu. Mzere uja sanaubwezere, ndipo sanatsegule pepala ngakhale limodzi.

Lolemba m'mawa mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo anaitanitsa bambo ndi mwana wawo. M'holo ana anali atakhala, mapepala ali patsogolo pawo. Munalibe funso ngakhale limodzi. Kuyambira nambala yoyamba mpaka yomaliza, anali mayankho okhaokha.

"Mayankho amenewa takhala tikuwapeza m'matumba mwa ana chaka chonse, osadziwa kochokera," anatero mphunzitsi wamkulu. "Ndani amakhudza fayilo?"

Changu anaweramitsa mutu. Bambo sanamuyang'ane n'komwe.

"Dzina lili pa chikwangwani cha bizinesi yathu ndi langa," anayankha. "Mlanduwu ndi wanga."

Sabata isanathe, sukulu zonse zinayi zinalanda ntchito zawo. Foni ya mnyamata uja inasiya kugwira. Tsiku limene bambo anakwera makwerero kukazula chikwangwani chimene chinakhala pamenepo zaka makumi awiri, Changu ndiye anawagwirira pansi, misozi ikugwera pa zala zomwe zija.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndine ndinachita."

"Ndinadziwa, ndipo ndakukhululukira," anatero bambo akutsika. "Koma tandiuza, mwana wanga, tilembe liwu lanji kuti anthu atikhulupirirenso?"

Mpaka lero ndikakumbukira funso limenelo mtima umandiwawa.

Achinyamata inu, wina akati "liwu limodzi lokha", thawani. Tchimo limene mwalibisa silikhala pobisika, ndipo tsiku lotulukira, woyamba kuchita manyazi ndi amene anakukhulupirirani.