Mabatani 1,001 a Azakhali

Kafunso anali mtsikana wokonda mafunso. Ankakondanso mabatani.

Azakhali ake anali telala. Pafupi ndi makina awo panali chitini chachikulu. M'chitinimo munali mabatani okhaokha. Ena ofiira. Ena obiriwira. Ena aang'ono ngati maso a nsomba.

"Azakhali, alimo angati?" anafunsa Kafunso.

"Alimo 1,001. Ndinawerenga ndekha."

"Mungandipatseko?"

Azakhali anaseka. "Tenga onse. Ugawane ndi abale ako. Koma mugawane mofanana. Likatsala ngakhale limodzi, chitini chibwerera pashelefu."

Kafunso anaitana achimwene ake. Anakhala pansi awiriwiri.

"Lanu, langa. Lanu, langa."

Mulu uku, mulu uko. Koma batani limodzi linatsala.

Kafunso anaitana mng'ono wake. Tsopano anali atatu.

"Lanu, lako, langa. Lanu, lako, langa."

Mabatani awiri anatsala.

Asuweni awo amapasa analowa akuthamanga. Tsopano anali asanu. Anagawa, anagawa, anagawa. Batani limodzi linatsalanso!

"Tingolibisa m'thumba," ananong'ona achimwene.

"Ayi! Kumeneko n'kubera," anatero Kafunso.

Anapita kwa azakhali nkhope itagwa.

"Azakhali, nambala iyi ndi yamakani. Kodi imakana aliyense?"

"Zilipo nambala zokana kugawika," anayankha azakhali. "Koma iyi ayi. Pitiriza kuyesa, mwanawe."

Posakhalitsa amayi anabwera kudzatenga ana. Kafunso anawagwira dzanja.

"Amayi, khalani kaye pansi. Tithandizeni."

Amayi anakhala pansi. Tsopano anali asanu ndi mmodzi. Anagawa, anagawa, anagawa. Mabatani asanu anatsala.

Kafunso anafuna kulira. Zala zinali zitatopa. Amapasa anali kuyasamula.

Makina a azakhali ankangolira. Tcheke tcheke tcheke!

Kafunso anayang'ana azakhali. Kenako anadumpha.

"Azakhali, siyani kaye kusoka! Bwerani mulandire anu."

"Ine? Mabatani anga omwe?"

"Eya. Inunso ndinu m'bale wanga!"

Azakhali anavula magalasi. Anakhala pansi akuseka. Tsopano anali asanu ndi awiri.

Kafunso anagawa mosamala. Mabatani anayamba kuchepa. Maso onse anali pachitini.

"Lanu, lanu, lako, lako, lako, langa. Lomaliza la azakhali!"

Kafunso anazondotsa chitini. Anachigwedeza. Simunagwe kanthu!

"Atha! Atha onse!" anafuula amapasa.

Aliyense anawerenga mulu wake. Aliyense anali ndi mabatani 143.

Kafunso anavina. Amayi anaomba m'manja.

"Ndikuuze chinsinsi?" anatero azakhali. "Nambala iyi imagawikanso kwa anthu 11. Imagawikanso kwa anthu 13."

Maso a Kafunso anawala.

"Amayi, atate ali kuti? Nanga amalume? Tikwane 11, tigawenso!"

Achimwene anagwa chagada. Anagwira mutu.

"Azakhali, mwamuuziranji? Zala zanga zatha!"

Onse anaseka mpaka misozi.