Matabwa Otsala pa Manda a Legimin

Nkhaniyi si yotola pamsika ayi. Anandiuza ndi Wagiman mwini wake, wa ku Aek Nabara ku Sumatra, ndipo mkazi wake Nurlela, amene sagwirizana naye pa zambiri, sanatsutsepo kanthu.

Legimin, mkulu wake wa Wagiman, atamwalira anasiya nsato yoweta, ya mtundu wina wofiira, yaifupi ndi yonenepa ngati ntchafu. Wagiman analumbira kuti siifera m'manja mwake. Anaigulira bokosi lalikulu lagalasi. Miyezi itatu inatha nsatoyo osadya, mpaka fupa la msana linayamba kuoneka.

"Galasi ndi la nsomba, iwe," anatero wogulitsa makoswe odyetsa njoka. "Imeneyi imafuna pothina, pamdima, ponyowa pang'ono. Ukazengereza uika maliro achiwiri."

Kuseri kwa nyumba kunali matabwa atatu otsala pa aja amatchingira mtembo m'manda asanathire dothi. Wagiman anachita kubwera nawo yekha tsiku la maliro, poona kuti ndi olimba.

"Bang, amenewo anadulira achimwene anu," Nurlela anamuchenjeza, akumuitana mwaulemu monga akazi akumeneko amaitanira amuna awo. "Sakanayenera n'kufika pakhomo pano."

"Thabwa ndi thabwa, Dek, mkazi wanga. Kapena nsatoyi uzigona nayo ndiwe?"

Anakhoma bokosi lalitali ndi lopapatiza, nayalamo makoko a kokonati onyowa. Tsiku lomwelo nsato inameza khoswe. Wagiman anaimba mluzu.

Fungo linayamba Lachinayi, dzuwa likulowa, kumzikiti akuitanira mapemphero. Fungo la mankhwala osambitsira maliro. Achule a m'ngalande anangoti zii. M'bokosi munamveka kutsokomola. Kawiri. Kenako kupuma kwautali.

"Njoka zimenezi zimapuma mokweza," Wagiman ananong'ona.

"Zimatsokomolanso ngati munthu wosuta?" Nurlela anafunsa.

Wagiman anatsegula bokosi. Nsato sinadzipinde monga mwa masiku onse. Inagona chowongoka, chammbali, itayang'ana kumene timayang'ana popemphera, monga timagonekera mtembo m'manda. Anatembenuza bokosi. Kutacha inali itayang'ananso komweko.

Nurlela anati bokosilo litenthedwe. Wagiman anabwezera nsato m'galasi muja, koma inamenyetsa mphuno mpaka magazi. Anayenda uku ndi uku pakhonde, machesi ali m'manja. Sanayatse. Anaibwezera m'matabwa, ndipo Nurlela ananyamula zovala kupita kwa mayi ake.

Chichokereni apo nsato sinakhudzenso khoswe. Akamuponyamo, amamupeza m'mawa ali moyo, akunjenjemera pakona. Komabe Lachisanu lililonse mimba ya njokayo imakhala yotupa. Msana unadzaza. Khungu likuwala.

Ndinafunsa Wagiman chimene ikudya. Anayang'ana pansi.

"Ili moyo, si choncho?"

Ine sindifulumira kuweruza. Ndingonena zimene anandiuza Pak Sarmin, bambo wosamala manda, ndisanamufunse n'komwe. Manda a Legimin wawathira dothi kanayi chaka chino, mvula kulibe. Akumka natitimirabe.